Babu yolemekezera apongozi

Nkhani iyi ndi yochititsa manyazi, koma bola ndiinene ndekha mkazi wanga asanaithire mchere.

Kwathu kuno ku Ntcheu mkamwini sayang'anana maso ndi maso ndi apongozi ake aakazi. Ukakumana nawo panjira umapatuka, ngakhale kulowa m'munda wa mbatata wa eni. Ndiye titangokokera magetsi kunyumba kwathu ku Champiti, apongozi n'kutumiza uthenga woti akubwera kudzacheza, ine mutu unaima. Mababu a enejiseva aja, osadya magetsi ambiri, amawala ngati masana. Nkhope ndikaibisa kuti?

Ndinathamangira ku Lizulu kukagula kaswichi kopotokola, kochepetsera kuwala.

"Bwana, si babu iliyonse imalola zimenezi," anatero wogulitsa. "Mukaone kaye pa katoni yake."

"Achimwene, babu ndi babu!" ndinamuyankha. Katoniyo n'kuti nditayatsira kale mbaula.

Madzulo apongozi akangolowa pabalaza, ine mwakabisira kaswichi kaja potokolo! Koma babu m'malo mochepa bwinobwino inkangophethira, uku ikulira ngati udzudzu. Ndinkati izolowera. Mkazi wanga akamachokera kukhitchini ndi chakudya, ine ndabwezera kale kuwala, ndatuluka. Ndinkadziona ngati injiniya.

M'mawa wina ndinamva apongozi akuitana mwana wawo kuchipinda. Ndinatchera khutu.

"Mwanawe, maso anga atha. Dzuwa likangolowa ndikumaona mdima ukuvina, m'makutumu muli phokoso. Undiperekeze kuchipatala. Mbuzi zija mudzagawane ndi mng'ono wako, osakangana."

Mkazi wanga anayamba kulira. Ine mtima unandipweteka, chifukwa mayi amenewa amandikonda, sabwera kwathu opanda nkhuku ya mkamwini. Lero ndawagawitsa mbuzi ali moyo!

Ndinagwada pakhomo, nkhope nditalozetsa kukhoma.

"Mayi a Chisomo, muwauze amayi kuti maso awo ali bwinobwino. Ndine ndimachepetsa getsi akalowa."

"Mumachepetsa getsi? Chifukwa chiyani?" anafunsa mkazi wanga.

"Ulemu," ndinatero ndi kamawu ka mwana.

M'chipindamo apongozi anaphulika kuseka mpaka kutsokomola.

"Uwauze bambo a Chisomo aziyatsa getsi lonse. Nkhope yawoyo ndinaiona tsiku la ukwati dzuwa likuswa mtengo, ndipo mwana wanga ndinawapatsabe!"

Abale, ulemu ukapyola muyeso umadwalitsa apongozi.