Sabata Yoonetsa Apongozi Anga Zithunzi za Adatchi

Lolemba
Zaka zisanu ndi zinayi chindilandireni khanda m'manja. Ine mzamba wa zaka makumi atatu pantchito, amake Takondwa, mkazi wa mwana wanga, nkundiuza kuti, "Amayi, kuno sitisambitsa mwana choncho." Kupepesa, mpaka lero ayi.
Chikonzero:
1. Loweruka ndiwatengera kunyumba ya zithunzi ku Trafalgar Square.
2. Ndiwaimika patsogolo pa chithunzi cha Adatchi akale choonetsa banja losalera ana.
3. Ine duu. Chithunzi chilankhule chokha.

Lachiwiri
Ndikuyendera malowo kaye. Mayo ine! M'zithunzimo kuwala kolowera pazenera, kugwera pa mtsuko, pa tsaya la mwana! Njerwa iliyonse ili ndi mtundu wake. Munthu anachita izi ndi manja? Maola awiri atha, kope langa likadali loyera.

Lachitatu
Ndachipeza. Mayi akuwodzera patebulo, ana akupisa m'kabati, galu ali pa mbale ya nyama. Ndagula khadi la chithunzicho. Kunyumba ndikulipenda ndi galasi lokulitsira. Pakona pali gogo wokweza chala, ndipo palibe akumumvera. Milomo waimanga ngati... ayi. Wojambulayo sankandidziwa.

Lachinayi
Pafoni, amake Takondwa: "Loweruka ndili pa shifiti, Amayi. Mutengeni Takondwa, akondwa kwambiri." Mfundo 1 ndi 2 zagwa.

Lachisanu
Chikonzero chatsopano: mwana aone, akafotokoze kwawo. Ndalemba mafunso asanu ndi awiri. Masangweji, ambulera, chiphaso cha basi.

Loweruka
Banja losalongosoka lija Takondwa akuliseka. Akuti galuyo ndi wokongola! Kenako akuima pa kachithunzi kena kamene sindinakaone: mayi wakhala pampando, mwana wagoneka mutu pamiyendo pake, zala zikufunafuna nsabwe. Bata lake ngati m'tchalitchi. Takondwa, m'Chingerezi chake chija, akuti mayiyo ndi ndendende amake.
M'basi yobwerera ku Woolwich akukanda m'mutu. Ndikuyang'anitsitsa. Nsabwe! Umboni wamoyo, woposa khadi!

Lamulungu
Titaweruka kutchalitchi ndikukwera kufulati kwawo, khadi m'chikwama, mawu onse oloweza pamtima.
Chitseko nchotsekula. Amake Takondwa ali pazenera, maso ofiira ndi kutopa, mwana pakati pa miyendo, chipeso m'manja. Kuwala kukuchokera kumanzere, kugwera pa tsaya lomwe lija. Ndaima pakhomo ngati mlendo wosalipira.
"Amayi, mwafika bwino. Maso anu ndi akuthwa, anga atopa. Tamugwirani."
Andipatsa mwana. M'manja mwanga.
Sikupepesa kumeneku, ndipo ndikulemba pano kuti zidziwike. Khadi lija tapherapo nsabwe. Gogo wokweza chala sakuonekanso bwino.
M'mutu mwanga mwayamba kuyabwa. Akuti ndibwere mawa adzandiyang'ane.