Pepala Lachidindo la Alamu Anga

Ine cholinga changa chinali chimodzi basi, choti anthu a pasikelo yoyezera tiyi andipatseko ulemu. Zaka zonsezi ndathyola tiyi palibe amene anandifunsapo maganizo, ndiye ndinalakwa kufuna kumvedwa tsiku limodzi?

Alamu anga a Mulipa, achimwene a mayi a kunyumba, ndi mesenjala kukhoti lina lalikulu m'tauni. Loweruka lina anabwera kumudzi, chikwama n'kuchisiya pakhonde, iwo kukasamba. Dzanja langa linangolowa lokha. Linatuluka ndi pepala lachidindo, Chingerezi chokhachokha, pansi pake asayina alamuwo. Masiku amenewo mudzi wathu unali pa mlandu wa malo ndi esiteti ina, chigamulo tikuchidikira ngati mvula. Chingerezi ine chimandidutsa, koma chidindo ndimachidziwa, ndiye ndinati chigamulo chija ndi chimenechi.

Lolemba pasikelo, anthu ali pamzere ndi madengu kumsana, ndinalikweza m'mwamba n'kulengeza kuti malo tawina, nkhani yachokera m'kati mwenimweni. Nthungululu! Mayi wina anataya dengu la tiyi n'kuyamba kuvina. Mzibambo wina wa kabaza analijambula pafoni, pofika masana linali litafika ku Luchenza ndi ku Bvumbwe, amuna ena anali atanyamula kale makasu kukadula malire. Ine apo ndikuyenda ngati loya, manja kumbuyo.

Kenaka akalaliki a pasikelo analipempha kuti aone. Anawerenga, anandiyang'ana, anawerenganso.

"Achimwene, ili ndi chenjezo. Akuti wantchito wa khoti aliyense wotulutsa mapepala kapena zinsinsi kunja achotsedwa ntchito. Alamu anu asayina kuti amva."

Mukudziwa mmene thukuta limatulukira ngakhale kuli chiperoni?

Chithunzi chija chinafika mpaka kukhoti, Lachitatu alamu anaimitsidwa ntchito. Ine ndili pachikamwini, munda ndi wa kwawo, nyumba ili pa dothi la kwawo. Mayi a kunyumba sanakalipe ayi, anangotsitsa chikwama changa chakale n'kuyamba kuchipukuta fumbi pamaso panga.

Ndinakwera minibasi ndi alamu, ulendo wa kukhoti kukapepesa. Muofesi munali bwana wachizimayi wamagalasi. Ndinavomera zonse, kuti ndinaba ndine, alamu anali kubafa ndi sopo kumaso. Bwanayo sanakhulupirire, amvekere munthu wamkulu sangalengeze chinthu asanachiwerenge, wina anandituma. Pofuna kundigwira bodza anandipatsa pepala lomwelo kuti ndiwerenge mokweza. Ine amene pamudzi ndimadzitcha wa Fomu 2! Ndinalimbana ndi liwu loyamba ngati ndikuzula chitsa cha bulugamu, mpaka ndinaulula kuti ndinalekezera Sitandade 3, alamu akumva, wolemba akulemba.

Bwana anavula magalasi, mapewa akugwedezeka ndi kuseka.

"A Mulipa, mawa mubwere kuntchito, koma kalata yokuchenjezani muilandira. Inu bambo, chenjezoli takhala tikuvutika kuti antchito athu omwe aliwerenge. Inu tsiku limodzi mwaliwerengetsa Thyolo yense."

Ntchito inapulumuka, banja linapulumuka, koma amakasu aja mpaka lero akandiona amafunsa ngati apilo yatuluka. Ndalumbira, pepala lachidindo ngakhale ndilipeze litakulunga zitumbuwa, ndidya ndi maso okha.