Mawu a Malemu mu Fulashi Yakuda

Amene akukayika aimirire ndimuone nkhope. Ine ku Mponela ndinakhala pa kompyuta zaka zambirimbiri, kuikira anthu nyimbo m'mafulashi, ndipo sindinafufutepo ya munthu molakwitsa, ndikulumbira.

Tsiku lina kunabwera Mayi Nabanda a ku Chisepo ndi mafulashi atatu akuda, ofanana ndendende. Awiri ankafuna ndifufute, ndiikemo nyimbo za paukwati wa mwana wawo. Yachitatu inali ndi mawu a malemu amuna awo akuimba mu kwaya ya kuparishi, ndipo mawuwo kunalibenso kwina kulikonse.

Ndinawalowetsa onse. Tsono kompyuta, abale anga, sidziwa mwini chinthu. Imangotchula ngati pamzere wa kuchigayo: yofika poyamba ndi E, yotsatira F, kenako G. Mayi aja analoza nati, "Ya bambo ndi F imeneyo, achimwene, musaikhudze." Pomwepo magetsi anaphethira, ndipo kompyuta itayakanso, zilembo zinali zitasinthana malo. Mayi anagwira kumutu. Inenso mtima unandiwawa, chifukwa ndikanangodina polakwika, bambo aja akanamwalira kachiwiri.

Mukumva? Ine osatekeseka, ndinawazula onse, yoyamba nditainunkhiza ndinamva dizilo wa minibasi, yachiwiri sopo wochapira, koma yachitatu fodya wa ku Chisepo, wagiredi yabwino, wofutsa bwinobwino, ndipo nditaiika kukhutu besi ya malemu inayamba pang'onopang'ono, kenako inakula mpaka malata a shopu yanga ananjenjemera, minibasi za pamsewu waukulu zinaima zokha, makondakitala anavula zipewa, ng'ombe za ku Malomo zinagwada ngolo zili kumbuyo, ndipo bambo mfumu wina kumapiri a Ntchisi anayankha kuti amen, mbatata ili m'kamwa. Mukumva?

Ndinati, "Mayi, amuna anu ndi awa. Amangeni pachitenje." Analira, nanenso ndinapukuta m'maso, sindibisa.

Alipo ansanje amene amanena kuti chaka cham'mbuyo mwake mayiwa anabweranso kwa ine, ndipo fulashiyo ndinailemba dzina m'kati, dzina losasuntha ngakhale magetsi atathima kakhumi, moti pa kompyuta pankaoneka poyera kuti BAMBO, pafupi penipeni ndi chilembocho. Zimenezo sindikana. Dzinalo ndinaliona ndithu, nditapeza magalasi anga. Koma kununkhiza ndinali nditanunkhiza kale.