Kugwa kwa a Penti pa Nkhondo ya Chingwe Choyanikira

Tcherani khutu, inu mibadwo yam'tsogolo, ndipo inu a lero tsitsani wailesi! Mapazi angawa aponda madoko ndi mizinda imene ena amangoionera pa kalendala, maso angawa aona maufumu akudzuka m'mawa n'kugwa madzulo, koma nkhondo yonga imene inagwedeza nyumba ina yosanja m'chaka cha mitambo yosachoka, ayi ndithu, sinaonekepo kwina kulikonse pansi pa thambo.

Masiku amenewo pampando wa Pulezidenti wa Bungwe la Okhala M'nyumbamo panali a Penti, Njovu ya Chipinda Chapamwamba, Mkango Wobangula M'makwerero, Mwini Burashi Yosauma, mwamuna amene anayamba malonda ndi kachitini kamodzi ka penti n'kufika pokhala ndi shopu ya zitseko ziwiri. Ulamuliro wawo unali wa zozizwitsa. Geti limene linali litadyedwa ndi dzimbiri analipaka golide. Pabwalo anadzala maluwa, pakati pa maluwawo anaimika chitsulo chachitali cha mbendera, ndipo patsinde pa chitsulocho anakhoma chikwangwani chofotokoza amene anachita zonsezi, kuopa kuti anthu angaganize kuti zinagwa kumwamba. Odutsa mumsewu ankaima n'kujambula ndi mafoni.

Koma pabwalo pomwepo, pamalo okhawo amene dzuwa linkafika, panali chingwe choyanikira zovala chimene chinamangidwa ndi makolo oyamba kulowa m'nyumbamo. A Penti atachiyang'ana, mtima unawawa.

"Abale anga!" anabangula ali pamakwerero, dzanja lili pachifuwa. "Kodi mtundu waukulu ngati uno uzilandira alendo ndi matewera? Geti lagolide liziyang'anizana ndi masokosi obooka? Chingwe chipite kuseri!"

Motero chingwe chinatengedwa ukapolo kupita kuseri, m'kampata kamdima pakati pa khoma ndi khoma, kumene dzuwa linapondako komaliza nyumbayo isanamangidwe. Kuyambira tsikulo mtundu wonse unanunkha chinyontho. Matawulo anachita chuku. Ana ankapita kusukulu makolala ali noninoni. Dalaivala wa basi wokhala m'nyumbamo ankayanika malaya pampando wa kondakitala, iye n'kumayendetsa atavala jekete pathupi.

A Penti sanamve chilichonse, pakuti anali ndi malinga awiri owatchinga. Linga loyamba linali Wometa, mwini kasaluni ka pafupi ndi geti, amene analinso nduna yawo yofalitsa nkhani.

"Anthu akuti chiyani, mphwanga?" ankafunsa a Penti nsalu ili m'khosi.

"Akuti chiyaninso, bwana? Akuti mulamulire mpaka mano atatha m'kamwa. Dzulo lomweli ndinaona mayi wina akutuluka kuseri kuja misozi ili chuchuchu."

"Misozi?"

"Yachimwemwe, bwana. Weramitsani mutu pang'ono."

Linga lachiwiri, lolimba kuposa loyamba, linali chikondi cha mkazi wawo. M'mawa uliwonse a Penti ankapeza malaya ouma, ofunda, osalala ngati galasi, n'kumati m'dziko muli mtendere. Sankadziwa kuti mayi akunyumba ankasenza beseni la zonyowa kutsika nalo kwa a Singano, telala wa chipinda chapansi, kukaima pamzere ndi amayi anzawo kudikira simbi yaikulu kuti aumitsire zovala. M'menemo, mu nthunzi ya simbi ndi kung'ung'udza, ndi mmene munabadwira chipani chotsutsa.

Si kuti mayiwo sanayese. Tsiku lina akuthira tiyi anayamba: "Bambo, chingwe chija..."

"Mayi," anadula a Penti, "nkhani za boma tisamazibweretse patebulo."

Nyengo ya chisankho itakwana, a Singano, Nyalugwe wa Pamakina, Mdulansalu Wosaphonya, anaima kudzalimbana ndi Njovu. Mtundu unasonkhana pabwalo kudzamva mfundo. A Penti analankhula mpaka mthunzi wa geti unasuntha: anatchula golide, anatchula maluwa, kenaka analonjeza kasupe wotumphuka m'kamwa mwa nsomba ya simenti, wonga amene amapezeka m'mizinda ya anthu otsogola. Wometa anaomba m'manja yekha ngati anthu khumi.

A Singano anaimirira, nachotsa mapini m'kamwa.

"Ine ndibweza chingwe padzuwa," anatero, n'kukhala pansi.

A Penti anaseka mpaka kugwira chitsulo cha mbendera. "Basi? Mfundo zonse n'chingwe? Mayi, kuyendetsa boma si kusoka diresi!"

"Zoona, a Pulezidenti," anayankha a Singano. "Diresi timayamba tamuyeza mwini wake."

Bwalo linaphulika ndi kuseka. Wometa ananong'oneza kuti anthu akuseka telalayo, ndipo a Penti anakwera makwerero mtima uli m'malo. Paja akuti mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

M'mawa wa tsiku loponya voti, Mkango unatambasula dzanja kutenga malaya ake oyera, ndipo unabweza msanga ngati wagwira chule.

"Mayi! Malayawa bwanji akuzizira chonchi?"

"Achokera pachingwe cha boma, bambo."

"Komatu akununkha!"

"Ndi fungo la chitukuko limenelo."

"Ndipatseni ena."

"Ndachapa onse. Si lero tsiku lalikulu?"

A Penti anavala, malaya n'kuwamatirira kumsana ngati mlandu. Akutsika makwerero, mphuno yawo inakumbuka: fungo limeneli anali akukumana nalo kwa miyezi, pa mwana aliyense wowapatsa moni, pa mayi aliyense wowapatukira, ndipo Wometa ankati limachokera m'ngalande za nyumba yoyandikana nayo. Lero linali kutuluka m'khwapa mwawo momwe. Kwa nthawi yoyamba Njovu inanunkha mofanana ndi anthu ake, koma linali kale tsiku la chiweruzo.

Mwambo wa m'nyumbamo unali wakuti voti amaponya ndi mapegi opanira zovala: wamkulu aliyense amabwera ndi pegi imodzi yakwawo, n'kulowa kuseri kwa bulangete kumene kunali zidebe ziwiri. A Penti anali atabweretsa chidebe chachitsulo chopaka golide, choyenera ulemerero wawo. Cha a Singano chinali chapulasitiki chosweka pakamwa. Apa ndi pamene golide anapereka mwini wake, pakuti chitsulo sichisunga chinsinsi. Munthu akalowa, kunkamveka phu! Wina akalowa, phu! Chachitsulo chili duu.

"Mphwanga, changa bwanji sichikulira?"

"Anthu anu ndi aulemu, bwana. Akuika pang'onopang'ono."

Potsiriza analowa a Penti eni ake, ndipo mtundu wonse unamva ngwee! kamodzi kokha, kulira kwa pegi yamasiye m'chidebe chopanda kanthu.

Atakhuthula chapulasitiki, mulu unali phiri. Pamwamba pake panali pegi yothimbirira ndi mafuta a tsitsi, ija Wometa ankapanira nsalu m'khosi mwa a Penti.

"Nawenso, mphwanga?"

"Matawulo a musaluni, bwana. Makasitomala anayamba kubwera ndi awo."

Koma chimene chinathyola msana wa Njovu chinali kunyezimira pambali pa muluwo: pegi yagolide. M'nyumba yonseyo, banja limodzi lokha ndi limene linali ndi mapegi opakidwa penti wotsala pageti.

"Mayi," anatero a Penti ndi mawu aang'ono, "m'nyumba mwanga momwe?"

"Geti n'lokongola, bambo," anatero mkazi wawo akuwakonza kolala yonyowayo. "Koma geti sitivala."

A Penti anakweza chala kuti akane zotsatira, anene za chinyengo, aitane makhothi a pansi ndi apamwamba. M'malo mwa zonsezo munatuluka chiyetsemulo chimene chinagwedeza maluwa. Wakutsina khutu ndi mnansi. Chala chinatsika chokha.

Pangano la mtendere linachitika masana omwewo. Chingwe chinaomboledwa ku ukapolo, ana akuchinyamula pamapewa ngati mfumukazi yobwera kwawo, koma panalibe pochimanga kupatula pageti lagolide ndi pachitsulo cha mbendera, ndipo panalibe wamtali wofikira pamwamba kupatula mmodzi.

"A Pulezidenti opuma," anatero a Singano mwaulemu, "dziko likupempha msinkhu wanu."

A Penti anakwera pampando, namanga mfundo yolimba, kenaka anatembenukira ku mtundu. "Mbiri ilembe," anabangula, "kuti chingwe ichi ndinachisunga kuseri dala, kuti chisathe ndi dzuwa, kuti boma latsopano lichipeze chili chatsopano!"

Palibe anatsutsa. A Penti anavula malaya onyowa aja pomwepo, nawapana ndi mapegi awiri, yawo yamasiye ija ndi yagolide ya mkazi wawo, ndipo malayawo atayamba kupepeluka pamwamba pa chikwangwani, mtundu wonse unaima njo, Wometa akuchitira sawatcha, mwini malayawo ali ndi vesiti yokha, mimba ikuwala padzuwa.

Boma latsopano silinawataye. Poona kuti amakhala pamwamba penipeni ndipo ali ndi mawu ofika kutsidya kwa msewu, linawapatsa udindo wa Nduna Yoona za Mitambo. Mpaka lero, kumwamba kukangoda, zenera lapamwamba limatseguka, Mkango n'kubangula kuti, "Mvulaaa! Anulani!" Pamenepo zitseko zonse zimatseguka nthawi imodzi, ndipo mtundu umene unawamana pegi umathamanga ndi mabeseni pa liwu lawo limodzi, patsogolo penipeni pali Pulezidenti, mapini ali m'kamwa.