Msana wa Bambo Anga

Kwa Bwana Mwini Tsamba Lalikulu la Makanema,

Pepani pokusokonezani. Kalatayi ndailemba ndi kuifufuta kangapo, poti sukulu ndinalekezera ku pulayimale, ndipo sindifuna kulakwira akuluakulu.

Ine ndimasamalira bambo anga, amene anafa ziwalo mbali imodzi. Ndinajambula pa foni mmene ndimawatembenuzira pabedi kuti asatuluke zilonda, n'kuika kanemayo pa tsamba lanu la pa intaneti. Nkhope yanga sindionetsa, mumangooneka manja anga ndi msana wawo. Iwo anavomera okha: "Jambula mwanawe, msanawu ugwireko ntchito chaka chino."

Ndili ndi zothokoza.

1. Zikomo pochotsa kanemayo ponena kuti ndi wolaula. Bambo anaseka mpaka kutsamwa, akuti ngakhale mayi sanauyamikirepo msanawo chotere. Ovina atavala kansalu kosakwana kupukutira mbale munawasiya, ndipo munachita bwino: iwo alibe zipsera.

2. Zikomo poyankha msanga nditadandaula za kanemayo. Ndisanachotse chala pa foni, yankho linali litafika kale loti dandaulo langa mwaliganizira mofatsa. Kwathu kuno sitinaonepo kufatsa kothamanga chonchi.

Tsopano alamu anga, okonza mafoni, anaika kanemayo pa tsamba laling'ono. Kompyuta yosunga tsambalo ili pansi pa tebulo mu shopu yawo, pambali pa ndowa ya mabatire akutha. Ndi yolumikizana ndi timakompyuta ta anthu ena, aliyense mwini kwake, ndipo magetsi akazima kuno anzathuwo amaonetsabe. Nthawi zina kanema amaima bambo ali pakati potembenuka, koma ukadandaula amakuyankha munthu, ngakhale akutafuna.

Chondisowetsa mtendere ndi mayi wina amene amuna ake angogwa kumene ndi matenda omwewa. Ankandifunsa mafunso pansi pa kanema uja pa tsamba lanu. Komaliza analemba kuti pachiuno pa odwalawo payamba kufiira, atani? Ndisanayankhe, munasesa zonse. Nambala yawo ndilibe. Ndikalemba pa tsamba lanu mzere womuuza kumene tasamukira, mumabisa mawuwo, mukuti ndi chinyengo.

Ndagwada, bwana: lolani mzere umodzi wokhawo uoneke, chilonda chisanatseguke. Ngati malamulo sakulola, ukopereni penapake muusunge nokha. Lidzafika tsiku mwana wanu adzafuna kudziwa pogwira pokutembenuzani, ndipo kwathuko tidzamulandira osamufunsa kuti ndi mwana wa yani.

Ine wamng'ono wanu,
Mwana wa odwala a pabedi la pawindo