Mawu a Malemu Gomani M'minibasi ya Manambala

Dzulo masana, amwali, ndinalota zoti mukamva muziti Ndaziona wayamba kusuta. Koma dikirani, ndiyambe ndi za maso.

Mayi Nachisale, osoka zovala aja oyandikana ndi kashopu kanga ka makompyuta ku Limbe, anandibweretsera fulashi, kachipangizo kosungira zinthu za pakompyuta. Munali kafayilo kamodzi kokha: mawu a malemu amuna awo, a Gomani. Foni imene anajambulira inabedwa, kope lina kulibe, ndipo fayiloyo inkakana kutseguka. Ntchito yotere timasandutsa fayilo kukhala manambala a heksi, oyenda awiriawiri, kuyambira 0 mpaka 9 kenako A mpaka F. Timaitsegula mu pulogalamu yolembera mawu, kukonza olakwika, n'kuibwezera mwakale. Lamulo lake ndi limodzi: yamba wakopa, usagwire yeniyeniyo. Ine, katswiri wodziwa zonse, ndinati aaa, za ana izo, n'kutsegula yeniyeniyo osakopa. Ndiye kutentha kuja, mutu unangoti gwa patebulo.

Mwadzidzidzi ndili m'minibasi yaitali ngati msewu wa ku Zomba, manambala atakhala awiriawiri, atagwirana manja. Kondakitala wake ndi kamzere kophethiraphethira ka pa sikirini kaja.

"Sendezani, asisi!" kanatero. "Anayianayi ndi kwanu uko, muno ndi sikisitini pa mzere!"

Ndiye ndikupyola ma 0 ambirimbiri ali mkonono, ndiye ma F awiri akukangana kuti wamkulu ndani, ine kuseka mpaka nthiti kuwawa. Mwadzidzidzi minibasi yaima pa rodibuloko. Kwabwera bwana wa tayi, chidindo m'manja.

"Kope lili kuti, mayi?"

"Bwana, ndine katswiri."

"Sindinafunse dzina la mudzi." Akutero, tayi ija yasanduka lilime, maso ayamba kuzungulira lina uku lina uko, basi bilimankhwe wathunthu atavala nsapato zopolisha. Anadinda chipumi changa n'kukwera mtengo pang'onopang'ono, akuti akupita ku msonkhano.

Ndiye ndaona kutsogolo kwakhala nambala yolakwika, 00 wina wamwano, pampando wa eni ake. M'malo momutsitsa kuti wolondola akhale pomwepo, ine ndangokankhiramo wolondolayo pambali pake. Mayo ine! Minibasi yonse yasuntha mpando umodzi. Uyu wagwera pamiyendo ya uyu, womaliza watulukira pawindo akukuwa kuti, "Ndasiya chipewa!"

Apo mpamene ndinawaona a Gomani, kumpando wakumbuyo, atavala jekete yawo ya bulawuni ija. Atsegula pakamwa kuti alankhule, mukutuluka 7, 7, 7, ngati nyerere. Ayesanso, 7 yemweyo. Akundiyang'ana osakwiya n'komwe, ndipo chimenecho ndicho chinandipweteka. Kuseka konse kunathera pomwepo, mantha anandigwira zenizeni.

Mwadzidzidzi batani losevera, lija losungira zimene wasintha, latulukira pansi pa mpando, lonenepa, lili ndi timiyendo ta mbuzi.

"Ndidineni, asisi, tiweruke."

"Choka iwe!"

"Kamodzi kokha. Ndikatseka ine, zakale sizibweranso."

Ndiye chala changa chayamba kutalika chokha, ndikuchikoka chikupita, ndachiluma chikupitabe, chazungulira kondakitala, chatsala pang'ono chonchi...

Kwete kwete kwete kwete! Makina osokera a mayi Nachisale kuseri kwa khoma.

Ndinadzuka tsaya lili pa kiyibodi, dovu pa tebulo. Pa sikirini, pakati penipeni pa fayilo ya eni ake, panali mizere itatu ya 7 amene tsaya langa linalemba. Ndinachotsa manja ngati ndagwira mbaula. Ndinatseka osaseva, n'kukopa fayiloyo katatu, inde katatu, musandiseke. Pa kope limodzi ndinasintha manambala anayi olakwika a kumayambiriro, aliyense pampando wake, n'kulibwezera mwakale. Kenako ndinagogoda khoma.

Mayi Nachisale anabwera tepi yoyezera ili m'khosi. Ndinadina kuti fayilo ilire. Kunamveka mphepo, hutala ya galimoto, kenako a Gomani: "Nachisale, ndichedwa pang'ono. Usandidikire, uzidya."

Basi, masekondi asanu ndi limodzi.

"Chabwino, bambo," anayankha mayi aja motsitsa. Anakoka mpando wa makasitomala n'kukhala. "Ndaziona, tabwerezanso."