Bawuti wa Pulawo ya Atate

Lolemba, 18 Novembala 1957

Mitambo yakuda kumapiri a ku Katete. Nyerere zikusamutsa mazira. Ng'ombe zili bwino, goli lili bwino, koma pulawo yagona chammbali ngati wodwala. Bawuti womangira khasu lake wathyoka pakati.

Mudzi wonse uno, mabawuti otere ali kwa a Tembo okha. Atate sapondako chichitikire mlandu wa mbuzi zawo zimene zinadya mtedza wathu. Amayi ali m'chikuta ndi khanda. Ndiye atate ati: "Ukapemphe ndiwe. Sabata lisapite usanapiteko."

Ine! Kwa a Tembo!

Zimene zili kwa a Tembo:
- khonde lodzaza anthu nthawi zonse
- aNaphiri, akazi awo, amene akandiona amafuula kuti "Mpongozi wanga uyo!" mpaka akutsidya amve
- Yohane, mwana wawo, amene anandiona ndikugwa ndi mtsuko chaka chatha. Sanaseke. Kusasekako ndiye koipa.

Sindipita. Nzeru ndili nayo. Amalume a Zakeyo, amene anamenya nkhondo ku Bama, ali ndi maginito amene anachotsa m'galimoto lakufa. Amati nthawi ya nkhondo malole a asilikali ankagona pa msasa, m'mbali mwa mseu waukulu wopita ku Sinda, ndipo kuseri kwake kunali munda wa fodya wa mzungu wina amene anachoka kalekale. Malole amagwetsa mabawuti. Azungu amataya chilichonse. Ndikakoka maginito pansi, bawuti abwera yekha, popanda kulankhula ndi munthu!

Amalume andibwereka. Sindinapemphe n'komwe, ndangowaloza ndi chala.

Lachiwiri

Ndamanga maginito ku chingwe cha khonje. Ndikuwakoka pambuyo ngati kamwana ka mbuzi. Pamsasa palibe munthu, njiwa zokha. Kukoma kwake!

Dothi likulavula zinthu:
- misomali yopindika, yodzaza m'manja
- supuni yopanda mutu
- tizitsulo ta kunsi kwa nsapato za asilikali
- chitini cha nyama, nyama mulibe
- bawuti!

Bawutiyo ndi wamkulu ngati mkono wa khanda lathu. Ngwa lole. Sangalowe pabowo la pulawo ngakhale m'busa atamupempherera. Komabe ndi bawuti, ndipo ali ndi abale ake pansi pomwepa.

Ndapezanso dzenje lalitali limene asilikali ankabisalamo. Mwamera udzu. Ndakhalamo pang'ono. Munthu wodutsa sangakuone. Asilikali anali anthu anzeru.

Lero ndalankhula ndi anthu angati? Palibe. Ndapambana!

Lachitatu

Ndalakwitsa njira, ndadzera kuchitsime. Amayi onse aleka kutunga.

"Mtsikana uyu akuweta mwala?"

"Musamuseke, ndi ula wa chizungu umenewo."

Ndakoka chingwe changa kuti ndidutse msanga. Apo aNabanda, amene amasoka madiresi a ukwati, andigwira dzanja mpaka pabwalo pawo. Singano yawo inagwera m'fumbi mwezi watha, ndipo akhala akunena kuti anaba ndi mkazi mnzawo wa pamitala. Ndakoka maginito kawiri pakhomo. Singano njo! yaima pamaginito ngati yamva dzina lake.

Mfuu, nthungululu, kuvina. Mkazi mnzawoyo wati: "Bwerezani zija munkanena, anthu amve!" ANabanda ayamba kuyang'ana nkhuku.

Andipatsa mazira. Ndathetsa mkangano wa pabanja osatsegula pakamwa!

Kumsasa ndafika dzuwa litapendeka. Ndapeza foloko ndi theka la loko. Bawuti ayi. Mawa.

Lachinayi

Ndanyamuka mbandakucha kuti anthu asandione. Potembenuka, mzere pambuyo panga! Uyu anataya mpeni, uyu lezala, agogo ena akufuna ndiwapezere ndolo ya mkuwa imene inasowa asanakwatiwe. Amalume awauza kuti maginito sagwira mkuwa. Agogowo ati: "Kodi mwawafunsa?"

Amalume avala jekete lawo la nkhondo. Ati ntchito ino ndi ya usilikali, ifunika woilamulira. Akutigubitsa. "Lefiti, laiti! Inu aNabanda, mwendo winawo!"

Pakati pa msasa chingwe chakana kuyenda. Ndafukula ndi manja. Chinthu chozungulira, chadzimbiri, chokhala ndi kamlomo pambali. Amalume angochiona kamodzi.

"Bomba! Gonani pansi nonse!"

Mudzi wonse chafufumimba. Pamene agonapo ndi pa chitedze.

Ine sindinagone, miyendo inauma. Ndiye poti ndaima kale, ndachizula. Ketulo. Yopanda chivindikiro, mkati muli chule.

Tsopano anthu onse akudzikanda kuyambira m'khosi mpaka m'zala, kupatula ine. Akuti ndine wolimba mtima kuposa asilikali. Amalume akuti ku Bama mabomba ena ankafanana ndi ketulo, ndipo amene sanapiteko atseke pakamwa.

Ketulo sikudontha! Amayi amwera tiyi. Bawuti palibe, koma tsiku lotere silibwera kawiri.

Lachisanu

Mabingu usiku wonse. Atate ayang'ana kumwamba, ayang'ana pulawo, ayang'ana ine.

Msasa ndausiya, uli ndi zinthu za malole zokhazokha. Pulawo ndi ya alimi, ndiye bawuti wake ali kumunda wa mzungu uja. Bwanji sindinaganize Lolemba? Anthu sananditsate, akadali kudzola phulusa.

Ndadumpha mzere wa khonje, ndafika pamene panali shedi ya fodya. Njerwa zogumuka, mapapaya omera okha. Apa ndiye pa chuma:
- mano a hala, chitsulo chosalazira munda
- unyolo wa ng'ombe, mphete zake zilipo
- hinjesi ya chitseko
- belu la njinga, likulira ndithu

Ndikuliza belulo ndekha mosangalala. Kulakwa! Mawu achokera kuseri kwa chulu:

"Eee! Mpongozi wanga uja wa bomba! Yohane, taimika khasu, udzaone mkazi wosaopa imfa!"

ANaphiri. Akutani kuno?

Ndathawa. Maginito akundithamangira pambuyo, akutola misomali m'njira. Ndakafikira m'dzenje la asilikali. Sanandipeze. Wapambana ndani? Ine.

Loweruka

Mvula yoyamba yagwa usiku. Fungo la dothi mudzi wonse. Kwa anzathu ng'ombe zili kale pagoli.

Ndabwerera ku shedi tambala asanatsike. Mvula yakokolola dothi pangodya ya njerwa. Ndakoka kamodzi. Kwa!

Bawuti. Wamutu wafulati, wakhosi la ngodya zinayi, nati yake yomangira ili pomwepo! Ndamutsuka m'chithaphwi, ndamupaka mafuta a nsatsi, ndathamanga naye mpaka kunyumba.

WALOWA! Walowa pabowo ngati anabadwira pomwepo!

Atate aseka mpaka chibwano kunjenjemera. Amayi aimba nthungululu m'nyumba, khanda ladzuka. Amalume andichitira sawasha. Ine mwana wamkazi, sukulu ndinalekezera Sitandade 4, ndafukula bawuti pansi pa dziko, ndipo kwa a Tembo sindinapondeko!

Madzulo atate afunsa: "Unamutola pati?"

Ndaloza. Afunsanso ngati ndinadumpha mzere wa khonje. Ndagwedeza mutu.

Kuseka kwatha. Akuti boma litagawira alimi munda wa mzungu uja, chigawo cha shedi chinagwera a Tembo. Khonje ndiye malire. N'chifukwa chake aNaphiri anali kuseri kwa chulu: amalima m'munda mwawo.

"Chotola m'munda mwa mwini ndi cha mwini mpaka atanena yekha kuti tenga. Ine ndinawalipiritsa a Tembo chifukwa cha mbuzi. Ndilime ndi chitsulo chawo mwakachetechete, kuti mawa adzanditche mbala pabwalo?"

Amuzula bawuti wanga papulawo. Amukulunga m'tsamba la nthochi. Ndikamuonetse kwa eni ake, ndikapepese polowa m'munda osaodira, kenaka ndikamupemphe. Ndipo wopepesa sapita chimanjamanja. Agwira nkhuku yathu yoyera.

Lolemba ndikanangopempha. Mawa ndikapepesa, ndikapempha, nkhuku ili m'khwapa.

Lamulungu

Ndapita titatuluka m'tchalitchi, nthawi imene khonde la a Tembo limadzaza kwambiri. Atate ndiwo anasankha nthawiyo, kuti mboni zichuluke.

Nkhuku yalira njira yonse. Ana a sukulu ya Sabata anditsata.

Ndagwada. Ndaomba m'manja. Mawu amene ndinakonza usiku athawa onse, ndangotambasula tsamba la nthochi n'kunena kuti: "Wanu uyu."

ANaphiri aimirira. "Anthuni, bwerani mudzaone! Kwathu kuno mwamuna ndiye amayamba kupita kwa akazi. Uyu wabwera yekha, ndi nkhuku yomwe!"

Khonde lonse lagwa ndi phwete. A Tembo atembenuza bawuti uku ndi uku, ati: "Tenga, mwanawe. Ukawauze atate ako kuti mbuzi zija zikupereka moni." Nkhuku alandira.

Yohane sanaseke. Wayang'ana natiyo, wati yadzimbiri chonchi simangika ndi manja, ifunika sipanala. Sipanala mudzi uno ali nayo ndi iye yekha. Abwera mawa m'mawa kudzamanga, ndipo akuti aphunzitsidweko kukoka maginito, popeza munda wawo uli ndi chuma chimene eni ake sankachidziwa. Ndayankha kuti "Ee." Sindikudziwa kuti ndavomera ziti.

Zimene ndapindula sabata ino:
- ketulo
- belu la njinga, njinga tilibe
- dzina loti Nabomba, limene silidzachokanso
- bawuti, wopemphedwa bwinobwino pamaso pa mudzi wonse

Mawa tilima, chimanga chilowa m'nthaka pa nthawi yake. Atate akuimba nyimbo ya m'tchalitchi kukhola. Amayi akuti mlendo wa sipanala adzamwe tiyi wa m'ketulo yanga, ndipo wopereka ndine.

Maginito ndabweza kwa amalume. Dzenje la asilikali lija ndapita kukaliona. Mwadzaza madzi a mvula.

Ndatsuka makapu.